Masipika Sachoka Pabalaza

Mumsewu wonse ankawatcha Mayi Singano, ndipo dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Anali telala wa mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a amayi, ndipo ankasokera pabalaza pa nyumba yawo, pafupi ndi windo kuti aziona ulusi bwino. Munthu akalowa pabalazapo, maso ake ankayamba agwera pa masipika awiri amatabwa, aatali kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ataima uku ndi uku kwa kabati ngati alonda a pageti. Pamwamba pake sipankaikidwa kanthu, ngakhale kapu ya madzi.

Alendo ambiri ankayesa kuti masipikawo anali a malemu amuna awo. Wina akanena choncho, Mayi Singano ankaimitsa makina n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amuna anga sanamwalire ayi. Ali moyo kwinakwake, akhala phee monga ankafunira. Awa ndinagula ndekha."

Bamboyo sanali wankhanza. Anali kalaliki, munthu waulemu, wosamwa, wosamenya. Koma akangolowa m'nyumba, asanavule n'komwe jekete, dzanja lake linkapita pa wailesi n'kuithimitsa. Mkazi akamaimba chapansipansi potsuka mbale, kuchipinda kunkamveka kutsokomola. Zaka zinapita motero, mpaka tsiku lina Mayi Singano anadzimva akuletsa mwana wawo wamng'ono kuimba nyimbo ya kusukulu, poopa chifuwa cha kuchipinda chija. Anaona kuti zafika posayenera. Anatenga mwanayo ndi makina n'kukachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya munthu wina. Atangopezako bwino, anagula masipika asanagule mipando. Makasitomala ankadikira zovala zawo atakhala pa benchi yobwereka, koma nyimbo ankamva zabwino.

Nyumba anamanga pambuyo pake, pang'onopang'ono, ndi singano yomweyo. Mwana uja anakula n'kupeza ntchito ya makompyuta, n'kukwatira namwino wa nkhope yosekerera. Awiriwa anabwera kudzakhala ndi mayi awo pamene ankafunafuna nyumba yawoyawo, ndipo Mayi Singano sanadandaule. Ankakonda kumva mapazi a anthu m'nyumba.

Kenako ampu inafa. Ampu ndi bokosi lija limene limalandira nyimbo kuchokera ku choimbira makaseti n'kuzipatsa mphamvu yofika ku masipika. M'mawa wina inatulutsa kafungo ka waya wopsa n'kukhala chete pakati pa nyimbo. Mtsikana wokonza mawailesi, amene anthu ankamutcha Sisi Waya, anaitsegula n'kupukusa mutu. Zimene zinapsa mkatimo sizinkapezekanso paliponse.

Masiku otsatira pabalaza pankamveka makina okha. Ndiye madzulo ena akudya, mwana uja anaika patebulo kanthu kozungulira, kakakulu ngati kapu.

"Amayi, ndakubweretserani. Kameneka kamaimba kuchokera pafoni, kopanda mawaya."

Anakayatsa. Mayi Singano anamvetsera mpaka nyimbo inatha, chifukwa sanali munthu woweruza chinthu asanachimve.

"Kali ndi chimfine," anatero. "Apongozi, inu ndinu namwino, kapatseni mankhwala."

Mpongoziyo anaseka n'kubisa kukamwa, koma mwamuna wake sanaseke. Anali ndi nkhani ina.

"Tagula sofa, amayi. Wautali mmodzi ndi mipando iwiri. Akumalizitsa, ibwera kumapeto kwa mwezi. Ndayeza pabalaza pano, ndipo yonse ingakwane pokhapokha titachotsa mabokosi anu awiriwa."

"Muwaika kuti?"

"Kusitolo yakuseri."

Chipinda chosungiramo katundu chakusericho chinkadontha. Mayi Singano ankadziwa kuti mvula ikangoyamba, matabwa adzafufuma, guluu adzamatuka, ndipo masipika adzathera komweko.

"Zinthu zosaimba sizingatseke khoma lonse, amayi," anapitiriza mwanayo mofatsa. "Inunso mukuona."

"Nanga zikamaimba?"

"Zikamaimba tidzakambirana."

"Sitidzakambirana. Sofa wako akapeza zikuimba, sizichoka."

Mwanayo anaseka n'kuvomera, poganiza kuti palibe amene amagulitsanso ampu ya zinthu zakale ngati zimenezo. Pofuna kuonetsa kuti analibe mtima woipa, anati ikapezeka adzagula ndi iyeyo.

"Ayi, zikomo. Chogula iwe, udzakhalanso ndi mphamvu yochithimitsa. Ndigula yotchipa, koma yanga."

M'mawa mwake anavala diresi lawo labwino n'kupita kumsewu wa masitolo a zamagetsi. Sitolo iliyonse inkaimba nyimbo yake mokuwa, moti munthu sakanamva iliyonse. Analowa m'sitolo ina mmene munali mnyamata wa malaya osita bwino, ndipo anamufotokozera kukula kwa masipika awo poika dzanja m'chiuno.

"Aakulu chonchi? Ndiye tengani iyi, amayi." Mnyamatayo anatsitsa bokosi lalikulu lokhala ndi nambala yaitali pambali. "Mawati ake, mphamvu yaketu, onani nokha. Iyi ikaimba, aneba amabwera kudzapepesa."

Mayi Singano anayang'ana nambalayo, ndipo m'maganizo mwawo anaona bambo wonenepa akudzikakamiza kulowa m'malaya a mwana wasukulu. Mabatani ankauluka. Masipika awo anali okalamba, ndipo sakanalola chinthu champhamvu chotero chiwalowe. Anayenda ndi maso pashelefu mpaka anaona kakang'ono kwambiri, kokwana pachikhatho.

"Ndipatse ako."

"Ako n'ka timasipika ta patebulo, amayi. Anuwo sikangawakwanitse."

"Mwana wanga, ine ndasoka zovala usanabadwe. Chachikulu chikalowa m'chaching'ono, msoko umaphulika. Munthu woonda sanang'ambepo chovala."

"Komatu izi si zovala."

"Ukufuna ndigule yodula, ndikudziwa. Ntchito yako ukuigwira bwino. Kulunga ako."

Mnyamatayo anakweza mapewa n'kukulunga.

Kunyumba anapeza mpongozi wawo alipo, ndipo awiriwo anagwada kuseri kwa kabati kulumikiza mawaya, wofiira pofiira, wakuda pakuda. Mayi Singano analowetsa kaseti yawo yapamtima, ya mayi wina wa mawu okhuthala woimba ndi magitala awiri. Nyimbo inatuluka. Inali yoonda, koma inali nyimbo, ndipo mpongoziyo anawomba m'manja asanapite kuntchito.

Vuto linaoneka atakhala pa makina. Akangoponda, phokoso la makina linkameza nyimbo yonse. Anadzuka n'kupotoza kokwezera mawu. Anapondanso, osamva kanthu. Anapotozanso, n'kupotozanso, mpaka kokwezerako kanafika pamapeto n'kukana kupitirira. Tsopano nyimbo inkamveka, koma inkachita kukanda m'makutu, ngati lata likukokedwa pa simenti. Makutu awo anawauza kuti china chake sichili bwino. Koma ankafuna kuti mwana wawo akamaweruka aimve ali pageti, choncho anaisiya ikuimba masana onse.

Dzuwa litapendeka, mawu a mayi woimba uja anasintha mbali ya kumanzere. Anayamba kumveka ngati akuimbira m'bulangete. Mayi Singano anaika khutu pa sipikayo. Pansi pankagunda bwinobwino, koma kasipika kakang'ono kapamwamba, kamene kamatulutsa mawu opyapyala, kanali zii, ndipo pankamveka kafungo kaja kamene anali atakadziwa kale.

Mwana wawo anawapeza ataima pomwepo. Anamvetsera pang'ono n'kuika chikwama pansi. Akanawaseka, zikanakhala bwino, chifukwa akanamuyankha. Koma iye anawagwira paphewa.

"Zakalamba, amayi. Mwayesetsa. Zisiyeni zipume."

"Chotsa dzanja, sindili pamaliro."

Kutacha anaitana bambo wa ngolo yokankha amene ankanyamula katundu wa anthu mumsewumo. Anakulunga masipika onse awiri m'mabulangete, n'kuwamanga ndi zidutswa za nsalu, n'kuikanso choimbira makaseti ndi ka ampu kaja pakati. Iwo ankayenda pambali, dzanja lili pa katunduyo, akulangiza wangoloyo pa dzenje lililonse. Anthu anatuluka m'makomo.

"Mukusamuka, Mayi Singano?"

"Kapena mwayamba kuimbitsa madansi? Mutiuze tsiku."

"Inu mungavine ndi mawondo amenewo?" anayankha osaima. "Ndikupita nawo kuchipatala, mukawaone mawa."

Kashopu ka Sisi Waya kanali kopapatiza, kodzaza mawailesi ndi ma TV otsegula mimba, ndipo mpweya wake unkanunkha mtovu wosungunuka. Mtsikanayo anamasula kasipika kapamwamba n'kuwaonetsa kawaya kopyapyala ngati tsitsi, katada ndi kupsa. Kenako anatenga ka ampu kaja n'kukatembenuza m'manja.

"Munakakweza mpaka pati?"

"Mpaka pomwe kanathera."

"Ndiye kamene kawotcha n'komweka."

"Kanthu kakang'ono chonchi? Usandinamize, mwana iwe. Ndinasankha dala kopanda mphamvu kuti kasawapweteke."

"Ndi kupanda mphamvu komweko. Masipika anuwa amafuna kukankhidwa ndithu. Aka kakafika pamapeto pa mphamvu yake, sikakhalanso ndi choperekera, ndiye kamangotumiza zokhakhala. Zokhakhalazo zonse zimathamangira ku kasipika kapamwambaka, kamatentha, kamapsa. Ikanakhala ampu yamphamvu yoimba modekha, bwenzi ali bwinobwino."

Mayi Singano anakhala pa kampando. Ankaganiza za mayunifolomu. Posokera mwana, nthawi zonse ankasiya nsalu yapadera mkati mwa msoko, kuti mwanayo akakweza mkono kapena akakula, chovala chikhale ndi pochokera. Telala woumira amene amadula ndendende, zovala zake zimang'ambika tsiku loyamba mwana akangothamanga.

"Ndiye kuti kameneka kanadulidwa ndendende," anatero. "Kalibe yotsala mumsoko."

"Mwatero inu. Ine ndikanangoti kalibe mpata."

"Mnyamata wa m'sitolo uja anandiuza, ine n'kumuphunzitsa kusoka." Anapukusa mutu. "Komanso ndinachita chimene sindilola kasitomala aliyense kuchita. Ndinatenga chinthu osayesa."

Sisi Waya anali ndi timasipika tiwiri tapamwamba tofanana kukula, tochokera m'mabokosi ena amene anavunda. Anasintha mbali zonse ziwiri kuti zimveke mofanana. Kenako anatembenuza sipika imodzi n'kupukuta fumbi pa kapepala kakuseri.

"Apa ndi pamene munayenera kuyambira. Maomu 8, mawati 80. Maomu ndi kulemera kwa sipika kwa ampu yoikankha, mawati ndi mphamvu imene sipika imalandira. Ampu iyenera kulola maomu 8, ndipo mawati ake enieni akhale oyandikira apa, mbali iliyonse. Osati manambala a pakatoni aja, amenewo amangolembera kuti maso akhute. Mumayang'ana kuseri kwa ampu yeniyeniyo. Ndili nazo zingapo zakale zimene eni ake anandisiyira kuti ndigulitse. Ndikusankhireni?"

"Undisankhire kuti zikalakwikanso ndidzaimbe mlandu iwe? Tiziyesa. Iliyonse ivale masipikawa pamaso panga."

Anatulutsa kaseti m'chikwama. Kenako anasuzumira panja. Khomo loyandikana nalo linali la bambo wosoka nsapato, amene anali ndi makina ake akale opalasa ndi phazi.

"Achimwene, pepani. Ndikati pondani, mundipondereko makina anuwo, mwamphamvu."

"Mulibe nsapato m'makinamu, mayi."

"Sindikufuna nsapato, ndikufuna phokoso."

Bamboyo anayang'ana Sisi Waya, mtsikanayo n'kugwedeza mutu kuti angochita. Anakokera makinawo pafupi ndi khomo akuseka yekha.

Lamulo la Mayi Singano linali limodzi. Makina akamalira, mawu a woimba amveke onse, kokwezera kasanapitirire theka.

Yoyamba inali yokongola, yokhala ndi timagetsi tobiriwira tovina ndi nyimbo. Wansapato anaponda. Sisi Waya anakweza, kupitirira theka, kuyandikira kumapeto, ndipo ndi pomwe mawu anatulukira. Mayi Singano anaigwira pamwamba ndi chikhatho n'kupeza yatentha kale.

"Iyi yayamba thukuta isanafike pageti. Chotsa."

Yachiwiri inali yasiliva, yosalala. Inaimba mwaulemu kokwezera kasanapite patali, ndipo ngakhale wansapato anasiya kuponda kuti amvetsere. Mayi Singano anafunsa mtengo. Atamva, anaisisita pamwamba ngati mwana wa eni.

"Ndi yabwino. Eni ake akubwera, si ine."

Anadzuka n'kuyamba kuyang'ana okha m'mashelefu, m'mwamba ndi m'munsi, monga ankachitira posankha nsalu kwa ogulitsa amene amabisa yabwino kuseri. Pansi pa tebulo anaona bokosi lakuda pamene Sisi Waya ankapondapo akamagwira ntchito.

"Nanga icho wapondacho?"

"Iyo? Ndi yabwinobwino mkati, ndinaikonza ndekha. Koma aliyense akaiona amabwerera. Yakalika paliponse, kokwezera kanasweka n'kutsala kachitsulo kokha, ndipo pafoni siilumikizika."

"Ine ndikufuna yokwatiwa nayo? Itulutse."

Anaikoka awiri, chifukwa inali yolemera ngati mwala. Kuseri kwake kunalembedwa maomu 8 ndi mawati 70 mbali iliyonse, m'zilembo zing'onozing'ono zopanda matama. Sisi Waya analumikiza mawaya n'kupotoza kachitsuloko ndi pulayala pang'ono chabe.

"Pondani, achimwene."

Makina a nsapato analira, koma mayi woimba uja anatulukira pamwamba pake, mawu ake athunthu, gitala mmodzi kumanja, wina kumanzere. Mayi Singano anamva pansi pa mapazi kugunda kumene anakusowa masiku onsewo. Sanafulumire kusangalala. Anauza wansapato kuti asiye, n'kuuza mtsikanayo kuti atsitse mpaka pansi penipeni, ndipo anayenda kuchoka pa sipika iyi kupita pa inayo kuti amve ngati zonse zikulankhula ngakhale monong'ona. Anaimitsa kaseti kuti amve ngati ampu ikulira yokha pakakhala chete. Anaisiya iimbe mbali yonse ya kaseti, kenako n'kuigwira pamwamba. Inali yofunda pang'ono chabe.

"Sikanafike n'komwe theka," anatero Sisi Waya.

"Yatsala yambiri mumsoko. Iyi ndi yanga."

Mtengo wake unali wa chinthu chimene aliyense anachikana, ndipo unawakwanira. Sisi Waya anapeza chopotozera chofiira cha chitofu chakale n'kuchikhomera pa kachitsulo kaja. Sichinkagwirizana ndi kanthu, koma chinkagwira.

Mwana wawo ataweruka tsiku limenelo anaima pakhomo nthawi yaitali. Anayang'ana bokosi lakudalo ndi chopotozera chake chofiira, n'kupita kuchipinda.

Sofa anafika Loweruka m'mawa, atakutidwa ndi mapulasitiki, ndipo anapeza nyimbo zikuimba. Onyamula analowetsa wautali uja n'kumuika kukhoma la kuwindo, Mayi Singano atavomera kusuntha tebulo lawo lodulirapo nsalu. Mpando umodzi unakwana pafupi ndi chitseko. Wachiwiri anautembenuza uku ndi uku, kuuimika, kuugoneka, koma paliponse unkatseka njira. Onyamulawo anautula pakhonde n'kufunsa ngati angapite.

"Amayi," anatero mwanayo, mawu ali otsika, "mpando watsopano ukhale panja chifukwa cha matabwa akale?"

"Tinagwirizana."

"Ine ndinkangocheza."

"Ine sindinkacheza. Apongozi, munalipo. Ndinkaseka?"

Mpongoziyo anayang'ana mwamuna wake, kenako pansi. "Simunkaseka, amayi. Koma ine musandilowetsemo, ndimadya kwa nonse."

"Mungathe kuwaika kuchipinda kwanu," anatero mwanayo. "Muzimvera komweko."

"Ndimasokera kuchipinda? Ine ndinakhalapo kale m'nyumba imene nyimbo zinkabisala, ndipo iwe ndinakutulutsamo uli wamfupi kuposa masipikawa. Muno ayi."

Mwanayo anapukuta nkhope ndi dzanja. Sanali mwana wamwano, ndipo anayesetsa kusankha mawu.

"Ndiye kuti nyumba ino yatichepera. Tifulumira kupeza yathu."

Mawuwo anawalasa. Anaganiza za pabalaza popanda mapazi a anthu, za kudya okha madzulo. Dzanja lawo linagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo kwa kamphindi anayang'ana masipika aja ngati akuwayeza kulemera. Kenako anaongoka.

"Mukaipeza mundiuze kukula kwa mawindo. Makatani ndisoka ine."

Masiku otsatira mwanayo ankangopereka moni n'kudutsa. Madzulo ankatsegula foni n'kumaonetsa mkazi wake zithunzi za nyumba zalendi, mokweza pang'ono kuti mayi ake amve. Mayi Singano ankamva, ndipo ankapitiriza kuchotsa ulusi pa zovala. Chakudya ankamusungira chofunda monga kale. Akalowa atatopa, ankatsitsako nyimbo okha, osauzidwa, koma osathimitsa.

Mitambo itayamba kusonkhana masana, anatuluka ndi tepi kukayeza mpando wa pakhonde uja, msana, mikono ndi miyendo. Anagula lona, nsalu yolimba yobiriwira yosalowa madzi, n'kuika singano yaikulu pa makina. Mwana wawo anawapeza akulimbana nayo nsalu yolemerayo, magalasi ali pamphuno, magitala awiri aja akuyankhana uku ndi uku.

"Chimenechi n'chiyaninso?"

"Chovala cha mpando wako. Mvula ikubwera, ndipo mpando ndi wabwino, suyenera kuvunda."

Mwanayo anagwira lonayo n'kuona kukhuthala kwake. Anatembenuza m'mphepete n'kuona mizere iwiri ya ulusi yoyenda limodzi.

"Ndiye kuti ukhalitsa panja."

"Ukhalitsa," anatero Mayi Singano. "N'chifukwa chake ndikubwereza msoko. Gwira uko, usandikokere."

Mwanayo anaima pang'ono, kenako anavula jekete n'kugwira kumapeto kwa lonayo kuti isakhwinyate, ndipo mayi ake anaponda makina.